Akuti ndi Precision Bass ya 1964 yosakhudzidwapo: ndigule kapena ndithawe?

Kachiwala: Moni nonse akuluakulu. Ndakhala ndikungowerenga zanu mwakachetechete kwa miyezi ingapo, lero ndiye ndabwera ndi langa. Pali munthu akugulitsa gitala ya besi ya Fender Precision Bass, akuti ndi ya 1964, ndipo akulumbira kuti chilichonse chili mmene chinatulukira kufakitale. Ndi yofiira, mtundu uja amati Fiesta Red. Wanditumizira zithunzi zisanu ndi chimodzi basi: kutsogolo, kumbuyo, mutu, bokosi lake, ndi kachitsulo kakumbuyo komangira khosi komwe pali nambala yoyamba ndi L. Mtengo wake ndi ngati theka la zomwe ndimaona pa Reverb, tsamba la pa intaneti logulitsirapo zida zoimbira. Akuti akufuna ndalama mwachangu. Ine ndasunga ndalama zaka zitatu, ndipo kuti zikwane ndiyenera kugulitsanso Jazz Bass yanga yopangidwa ku Mexico. Usiku sindikugona. Ndithandizeni.

Nkhwazi62: Zithunzi zisanu ndi chimodzi, theka la mtengo, ndalama mwachangu. Achimwene, zifukwa zothawira mwazitchula kale nokha, zitatu zonse.

Kalulu: Mukaisiya mundipatse ine nambala ya munthuyo kkkk

Mmisiri: A Kachiwala, musathawe kaye, komanso musatulutse ndalama. Nambala yoyamba ndi L ija ndi yoona kuti Fender ankaiika kuyambira 1963 mpaka 1965. Koma taganizani, kachitsulo kameneko kamagwiridwa ndi masikuluwu anayi okha. Ine ndikhoza kukachotsa pa besi ina n'kukamangira pa ina tiyi wanga asanazizire. Ndiye nambala payokha sikuuzani kanthu. Magitala a Fender anapangidwa kuti azimasulidwa, khosi palokha, thupi palokha, n'chifukwa chake ambiri omwe akugulitsidwa lero ndi osakaniza: khosi la chaka china, thupi la chaka china, mawaya a dzulodzuloli.

Muuzeni amasule khosi ajambule kumapeto kwake, kuja kumalowa m'thupi. Ya 1964 iyenera kukhala ndi chidindo cha inki, mwachitsanzo 5 MAR 64 C. Nambala 5 yoyambayo si tsiku ayi, ndi chizindikiro cha Precision. Ya Jazz Bass imakhala 7. C wakumapetoyo akunena za kutambalala kwa khosi, mainchesi 1.75 kumtunda kuja nsambo zimadutsa zisanafike kumutu. Zakale kuposa apo, chisanafike chaka cha 1962, tsiku ankalemba ndi pensulo pamanja.

Kenako achotse pickguard, chotchinga chija chapatsogolo pa thupi, ajambule ma pot, tija timatembenuza pokweza ndi kutsitsa mawu. Pa tizitsulo timeneti pamakhala manambala. Ikayamba ndi 137 ndiye kuti anapanga ndi a kampani ya CTS, ikayamba ndi 304 ndi a kampani ya Stackpole. Manambala otsatirawo ndi chaka ndi sabata. 1376412 ndiye kuti CTS, 1964, sabata la 12. Muonenso mtovu womwe anawotcherera mawaya. Wakale umakhala wothimbirira, wosawala. Mukaona wonyezimira ngati waikidwa m'mawa uno, mudziwe kuti wina analowamo. Mawayawo akhale okutidwa ndi nsalu, osati pulasitiki.

Akakana kujambula zimenezi, nkhani yatha.

Kachiwala: Zikomo kwambiri a Mmisiri. Koma ndikuopa kuti akwiya, anena kuti ndikumutenga ngati wakuba. Ndiye kumasula khosi sikungawononge kanthu?

Mmisiri: Pa besi za nthawi imeneyo ngakhale kungowongola khosi, munthu umayenera kulimasula pang'ono chifukwa posinthira truss rod, chitsulo cham'kati mwa khosi chowongolera, pali kumapeto komweko. Ndiye khosilo lamasulidwapo kambirimbiri m'zaka zonsezi. Angofewetsa nsambo, agwiritse sikuluwudiraiva yokwana bwino, achotse mosapotokola kuti penti ya m'mphepete isathetheke. Wogulitsa woona sakwiya ndi pempho limenelo. Ambiri amajambuliratu musanawafunse n'komwe.

MaiBesi: Ine chomwe chandiimitsa ndi mtunduwo. Besi zambiri za nthawi imeneyo zinkatuluka za sunburst, zija zachikasu pakati n'kumadera chakumphepete. Mitundu ngati Fiesta Red, Lake Placid Blue, Sonic Blue inali yochita kuitanitsa mwapadera, penti yake inali ya DuPont yomwe ankapakira magalimoto, ndipo zinapangidwa zochepa. N'chifukwa chake lero zimadula kuposa za sunburst, komanso n'chifukwa chake anthu achinyengo amathamangira komweko. Amatenga thupi la sunburst lokalamba, kulipala, kulipaka zofiira, kenako kuligogoda ndi makiyi ndi kulikhutiza pansi kuti lioneke ngati lavutika zaka 60. Chikomekome cha mkuyu chenicheni. Fiesta Red yeniyeni pa theka la mtengo? Ine ayi.

Nkhwazi62: Achemwali anena zoona. Ndiwonjezereko njira yoonera. Nthawi imeneyo akamapaka penti ankakhoma timisomali pathupi, malo obisika ndi pickguard ndi bridge (chitsulo chogwira nsambo kumunsi kwa thupi), kuti thupilo liimepo pouma. Akazula misomaliyo pankatsala timabowo toyera, mopanda penti m'kati. Ngati wina anapakanso pambuyo pake, timabowoto timadzaza penti. Chachiwiri, m'kabowo kolowa khosi muyenera kuoneka mbali ina yamtengo wosapakidwa, chifukwa kuyambira cha kumapeto kwa 1962 ankamangirira pamenepo ndodo yogwirira popaka. Mukaona m'kabowo monse muli psuu, mufunse mafunso.

Chenjezo lokha n'lakuti mukaona sunburst ikusuzumira pansi pa zofiira musafulumire kukuwa kuti wakuba. Kufakitale komweko nthawi zina ankatenga thupi la sunburst n'kulipaka mtundu wina pamwamba. Zikatero pamafunika maso a munthu amene waonapo zambiri, ndi tochi ya UV. Penti yakale ya mtundu wa nitro imawala mobiriwira pansi pa tochi imeneyo m'chipinda chamdima, ndipo pamalo okonzedwa pamaoneka mdima ngati chigamba.

Gogo_Flatwound: Ana inu, mwandiseketsa. Mwalankhula za misomali, za mtovu, za tochi. Palibe ndi mmodzi yemwe wafunsa kuti besiyo ikulira bwanji. Ine ndaimba besi zaka zoposa 40, ndipo ndagwirapo za 1960 zomwe zinali zakufa m'manja, mawu ake ngati ukumenya katoni. Ndagwiraponso yopakidwanso penti kawiri, mafureti (tizitsulo topingasa pakhosi) osinthidwa, yomwe ukangokhudza nsambo yaikulu chifuwa chimanjenjemera. Katswiri wa besi Jaco Pastorius anazula mafureti pa Jazz Bass yake ya 1962 n'kupaka guluu wa epoxy pakhosi. Mwa malamulo anuwa ndiye kuti anaiwononga. Nanga bwanji dziko lonse limaidziwa besi imeneyo?

MaiBesi: Agogo, palibe akutsutsa. Koma a Kachiwala sakulipira mawu okha. Akulipira mtengo wa chinthu chomwe akuuzidwa kuti n'chosakhudzidwa. Ngati ndi yopakidwanso, aigule ndithu, koma pa mtengo wa yopakidwanso. Ogulitsa zinthuzi amati penti yatsopano imadula mtengo pafupifupi ndi theka. Tsiku lomwe adzafune kuigulitsa, wogulayo adzabwera ndi tochi, sadzabwera ndi makutu.

Gogo_Flatwound: Pamenepo ndagonja, mwana wanga. Koma chimandiwawa n'chakuti zida zabwino zikuthera m'makabati a anthu osatha kuimba ngakhale nyimbo imodzi. Amaigula, kuijambula, kuitsekera m'bokosi, n'kumadikira mtengo ukwere. Leo Fender potulutsa Precision mu 1951 ankafuna kuti woimba asiye kunyamula chibesi chachikulu chija choimika pansi, komanso kuti amveke pakati pa ng'oma ndi malipenga. Chinali chida chogwirira ntchito ngati khasu.

Nkhwazi62: Ine ndine mmodzi wa anthu a makabatiwo agogo, ndiye ndiyankhepo. Ndili nazo zisanu ndi ziwiri, ndipo ndimaimba ziwiri zokha. Koma pakanapanda ife osunga, bwenzi lero palibe yotsala yoti a Mmisiri aphunzirepo kuti yeniyeni imaoneka bwanji. M'ma 1970 ndi m'ma 1980 oimba ankaziboola kuti aikemo pikapu (kachipangizo kotola mawu a nsambo) yachiwiri, kuchotsa bridge n'kuika yolemera ya mkuwa, kupala penti yonse kuti mtengo uoneke. Zivindikiro zachitsulo zija zophimba pikapu ndi bridge ankangotaya, ena n'kumathiramo phulusa la fodya. Lero chivindikiro chokhacho chenicheni anthu amachisaka ngati mankhwala.

Kalulu: Funso la mwana wasukulu. Mawu oti pre-CBS ndimangowaona paliponse. Kwenikweni chinasintha n'chiyani?

Mmisiri: Mu January 1965 kampani ya CBS inagula Fender pa madola 13 miliyoni. Zinthu sizinasinthe tsiku limodzi, anthu ogwira ntchito anali omwewo ndipo zipangizo zakale zinalipobe, n'chifukwa chake za 1965 ndi 1966 zambiri n'zabwino zedi. Koma pang'onopang'ono kachitsulo kakumbuyo kanayamba kukhala ndi F wamkulu, Jazz Bass inalandira mzere woyera m'mphepete mwa khosi ndi zizindikiro zamakona anayi m'malo mwa timadontho, cha m'ma 1968 penti ya nitro pathupi inalowedwa m'malo ndi ya poly yokhuthala, ndipo pakati pa zaka za m'ma 1970 khosi la Jazz linayamba kumangidwa ndi masikuluwu atatu. Mu 1976 nambala inasamukira kumutu. CBS inadzagulitsa kampaniyo mu 1985. Ndiye osunga anaika mzere pa 1965, ndipo mtengo umatsatira mzerewo ngakhale makutu sautsatira nthawi zonse.

MaiBesi: Yanga yomwe ndimapita nayo kuntchito ndi Jazz ya 1978, ya masikuluwu atatu omwewo. Imalemera kupitirira makilogalamu 5. Ndikaimba maola atatu phewa limachita dzanzi mpaka m'chigongono. Koma kulira kwake kwa slap, kuja komenya nsambo ndi chala chachikulu, palibe yondipatsa. Kale anthu ankazinyoza za zaka zimenezi, lero nazonso akuti vintage. A Kachiwala, chilichonse chomwe mungagule, funsani kulemera kwake, ndipo wogulitsayo aiike pa sikelo ajambule. Msana sumagulidwa.

Wamanzere: Inu mukukangana za mitundu, ife amanzere tikangoona yakale iliyonse yamanzere timagwada. Ndinasaka zaka zinayi ndisanapeze Rickenbacker 4001 yanga. Ndiye ndikuuzeni zomwe ndinaichita sabata yoyamba, mwina wina apulumuka. Khosi linali lopindika pang'ono, nsambo zili m'mwamba. Ndinatsegula kachivindikiro kakumutu, ndikupeza ma truss rod awiri. Ndinati aa, zosavuta, ndimange ngati mmene ndimachitira pa Fender. Ndinatembenuza kamodzi, kawiri. Kachitatu ndinangomva kuti thee, kaphokoso kakang'ono ngati wathyola kamtengo ka machesi. Kuyang'ana pafupi ndi fureti yoyamba, thabwa la pamwamba pa khosi lakanuka, mpata wake woti chikhadabo n'kulowa. Ndinakhala pansi osalankhula mpaka kunja kunada. Kenako ndinadzamva kuti pa 4001 zakalezo umayenera kumasula ma nati, kuwongola khosi ndi manja, kenako n'kumanga kuti zitsulozo zingogwira pomwe waika. Sizikoka khosi zokha. Anaimata bwinobwino ndipo ikuimba, koma chipsera chilipo, ndipo ndikadzaigulitsa ndidzayenera kunena.

Mmisiri: Pepani a Wamanzere, simuli nokha, ndamatapo zingapo zotere. Ndipo mwandikumbutsa chachikulu chomwe ndinaiwala. A Kachiwala, pa besi yakale iliyonse, chinthu choopsa kuposa penti ndi khosi. Penti ndi nkhani ya ndalama, khosi ndi nkhani yoti muimba kapena simuimba. Wogulitsa ajambule kanema akutembenuza truss rod mbali zonse ziwiri. Ngati yafika pamapeto ndipo khosi likadali lopindika, vuto. Muyang'anenso khosi ngati mukuloza mfuti, kuchokera kumutu. Likhale losapotoka, ndipo kumapeto kuja pafupi ndi thupi lisatukuke m'mwamba, chifukwa likatukuka manotsi akumunsiko amangolira zii. Mafureti osinthidwa musawaope, ngati ntchitoyo inagwiridwa mwaukhondo. Ali ngati matayala a galimoto, amatha.

Kalulu: Nanga munthu wosauka ngati ine amene akufuna kakale koma thumba likukana?

Nkhwazi62: Yang'anani ku Japan aise. Fender Japan inayamba mu 1982, ndipo zoyambirira zake, za nambala yoyamba ndi JV, zinapangidwa kufakitale ya FujiGen mosamala kwambiri, kutsanzira za 1957 ndi 1962. Ngakhale zolembedwa Squier, dzina la zotchipa za Fender, za JV anthu amazilemekeza. Palinso Tokai ndi Greco za nthawi yomweyo. Kungoti musanyengedwe ndi mawu oti lawsuit omwe ogulitsa amamata pa gitala iliyonse yakale ya ku Japan. Mlandu wodziwikawo unali wa 1977, eni a Gibson kusumira kampani yomwe inkagulitsa Ibanez ku America, ndipo nkhani yake inali maonekedwe a mutu wa gitala. Ena amangoutchula kuti akweze mtengo. Mukhozanso kuyang'ana G&L za m'ma 1980, zomwe Leo Fender mwiniwake anapanga limodzi ndi George Fullerton. StingRay za Music Man zoyambira 1976 mpaka Ernie Ball asanagule kampaniyo mu 1984 zinakwera kale, zimenezo muziiwale.

MaiBesi: Pa nkhani yotumiza ndinenepo, poti ndinalirapo. Ndinagula Gibson EB-3 kwa munthu wakutali. Makosi a Gibson akale ndi a mahogany ndipo mutu wake ndi wopendekera kumbuyo, ndiye pamenepo m'pofooka. Munthuyo anangoiika m'bokosi lake, nsambo zili zomangika gwa, osaika kanthu kochirikiza mutu. Itafika ndinatsegula, mutu uli lende, ukungogwiridwa ndi nsambo. Onyamula katundu anati vuto ndi wolongedza, wolongedza anati vuto ndi onyamula. Chomwe chinandipulumutsa n'chakuti ndinalipira pa PayPal ngati wogula katundu. Akakuuzani kuti mutumize ngati mukutumizira mnzanu kapena wachibale kuti apewe kudulidwa kandalama, mukane, chifukwa njira imeneyo ilibe chitetezo cha wogula.

Mmisiri: Ndipo ngati ikuwoloka malire a dziko, pali za CITES, pangano la mayiko loteteza mitengo ndi nyama zomwe zili pangozi yotha. Thabwa la pamwamba pa khosi la Fender za 1964 kawirikawiri ndi rosewood wa ku Brazil, ndipo mtengo umenewo unaikidwa pa mndandanda woyamba, wokhwima kwambiri, mu 1992. Mu 2017 anakhwimitsa malamulo pa mitundu yonse ya rosewood, kenako kumapeto kwa 2019 anamasula zida zoimbira, koma wa ku Brazil sanaumasule. Popanda mapepala osonyeza kuti chidacho n'chakale kuposa lamulolo, akhoza kuchigwira pamalire.

Gogo_Flatwound: Mufunsenso kuti anaipeza bwanji. Besi zimabedwa. Ya katswiri wa besi James Jamerson, Precision ya 1962, inabedwa atatsala pang'ono kumwalira mu 1983. Höfner yomwe Paul McCartney anagula ku Hamburg mu 1961 inabedwa ku London mu 1972 ndipo inabwerera kwa mwini wake patapita zaka zoposa 50. Zotchukazo ndiye timazimva, koma za anthu wamba zimasowa tsiku ndi tsiku. Munthu wofuna ndalama mwachangu amene satha kufotokoza mbiri ya chida chake, ine ndimamuopa kuposa wopaka penti. Lembani nambala ija pa intaneti muone ngati palibe amene akuilira.

Kachiwala: Akuluakulu ndabweranso. Ndinachita zomwe munanena, ndipo munthuyo sanakwiye. Ndi bambo wachikulire ndithu, besiyo inali ya malume awo omwe anamwalira, iwo saimba n'komwe. Mawu oti yosakhudzidwa anangowamva kwa wina amene anaiona kunja kokha. Ali ndi zithunzi zakale za malumewo ali nayo pasiteji, ndipo m'zithunzimo besiyo ndi ya sunburst! Anadabwa okha nditawaonetsa.

Tinaimbirana pa kanema akumasula. Chidindo cha pakhosi ndi 5 APR 64 C, chikuwerengeka bwinobwino. M'kabowo kolowa khosi muli psuu monse. Timabowo ta misomali tadzaza penti. Pansi pa pickguard, pafupi ndi ma pot, pali malo omwe anaboolapo kenako n'kutseka ndi kathabwa kena. Ma pot onse awiri ndi 1377420. Pikapu ikuoneka yakale, mawaya ake ndi ansalu, koma mtovu wa pa ma pot ndi wosiyana ndi wa kwina. Pickguard yafota, yang'ambika pang'ono pa sikuluwu ya kunsonga. Truss rod ikutembenuka mbali zonse. Pa sikelo yakwana makilogalamu 3.9. Ndiye ndili pati?

Mmisiri: Muli pabwino kuposa mmene ndimaganizira. Khosi la April 1964, thupi mwina lake lomwe koma lopakidwanso ndi lobooledwapo, ma pot a 1974. Kufota kwa pickguard ndi chizindikiro chabwino, pulasitiki yakale ya celluloid imatero. Zikuoneka kuti malumewo anaikonzetsa cha m'ma 1970 ngati mmene aliyense ankachitira. Si besi ya osunga m'kabati, ndi ya woimba. Mtengo womwe amatchula uja unali wotsika pa Fiesta Red yeniyeni, koma pa iyi ndi wokwererapo. Bowo lotsekedwalo limatsitsanso mtengo palokha, kuwonjezera pa penti.

Nkhwazi62: Ine sindingaigule. Koma ine si inu.

Gogo_Flatwound: Makilogalamu 3.9, khosi lowongoka, ndipo inaimbidwa mpaka kufuna kupakidwanso. Zida zosalira bwino sizivutika choncho, zimakhala pansi pa bedi zili zatsopano. Pitani mukaigwire, mwana wanga. Muyambe mwaimba osalumikiza ku ampu, thupi lake mulitsamiritse pamimba, mumve ngati likunjenjemera.

MaiBesi: Ndipo musawadyere masuku pamutu bambowo poti sadziwa. Awonetseni mitengo yomwe zopakidwanso zinagulidwa, osati yomwe anthu akungotchula, mugwirizane pakati. Mulembe kalata yogulitsirana, mutchulemo penti, bowo ndi ma pot. Chithunzi cha malumewo mupemphe kope lake, chizikhala m'bokosi momwemo.

Kachiwala: Ndapita dzulo, ulendo wa maola asanu. Nditangoitenga ndinayamba kuchuna, ndikupeza kuti ndikamanga nsambo ikufewa, ndikamasula ikulimba. Ndinachita mantha kuti makiyi ndi owonongeka.

Mmisiri: Kkkk ayi, ndi ake enieni amenewo. Makiyi a Fender a zaka zimenezo amatembenuka chobwerera. Muzolowera pakatha sabata.

Kachiwala: Ndiye mtima unakhala pansi nditaimba. Pa nsambo ya G cha pa fureti ya 7 mawu akufa msanga pang'ono, koma kwina konse ikuyankha. Tagwirizana mtengo wotsika ndithu kuposa woyamba uja, moti Jazz yanga ya ku Mexico sindigulitsanso. Kalata talemba, chithunzi andipatsa. M'kathumba ka m'bokosi ndapezamo chivindikiro cha bridge chadzimbiri ndi lamba wachikopa wouma gwa.

Nkhwazi62: Chivindikirocho musachipukute ndi chilichonse. Ndipo mukafuna kuchigulitsa muyambire ine.

Kachiwala: Sichikugulitsidwa akulu. Agogo, nsambo zilipozi ndi za flatwound, zosalala zija, zakuda bii ndi litsiro, bambowo akuti sizinasinthidwe chimwalirireni malume awo. Ndichotse kapena ndingozipukuta?

Gogo_Flatwound: Pukutani ndi kansalu kouma, muimbe nazo mwezi umodzi. Mukadzazichotsa musataye, munditumizire.